Za Matalala, ndi Akatundu Awiri Amene Tasenzetsa Liu Limeneli

Chaka chathachi, pamene chimanga chinali kuyamba kumasula, kunagwa matalala kwathu kuno tsiku Lachinai dzuwa litapendeka. Sanagwe nthawi yaitali ai. Mai wachangu sakadatha kuphika nsima ndi kuipakula. Koma mtambo utapita tinaturuka m'sukulu, ndipo tinaona bwalo lonse liri mbuu. Ana anathamanga natola timiyala tozizirato, naponyerana, naika m'kamwa ndi kuseka. Akuru sanaseke. Iwo analunjika kuminda, nakapeza masamba a chimanga atang'ambika ngati nsanza, fodya ali mabowo okhaokha, nkhwani zitapondeka m'matope, ndi anapiye ali ngundangunda pakhomo.

Pa Sabata lotsatira mlaliki anawerenga Yesaya mutu woyamba, monga anakonzeratu matalala asanagwe, nafika pa ndime 18, pamene mneneri alonjeza kuti zoipa zofiira zidzayeretsedwa, nafanizira kuyerako ndi chinthu chimene Buku lathu lichitcha matalala. Poturuka m'nyumba ya mapemphero, mai wina wamasiye wa imvi, amene munda wake unali pakati penipeni pa njira ya mtambo uja, anandiimika pakhomo, nati, "Aphunzitsi, inu mwawerenga mabuku, tandimasulirani. Akuti munthu wokhululukidwa afanana ndi matalala. Nanga ine ndikondwere bwanji pofanana ndi chinthu chimene chandiphera chimanga?" Ine ndinayankha msanga, monga timachitira aphunzitsi pamene funso latipambana, ndinati, "Amai, pamenepo anena kuyera kwake kokha." Iwo anati, "Kuyera kwake ndinakuona, mwana wanga. Koma pofika madzulo anali matope."

Mau amenewa andikhala pamtima miyezi yonseyi, ndipo ndatsimikiza kuti maiyo anapeza chirema chenicheni. Chiremacho sichiri mwa mneneri ai, koma m'liu la chinenero chathu, limene tinalisenzetsa akatundu awiri osiyana. Tsono ndifuna kuti tiliyese pamodzi liu limeneli, owerenga okondedwa; koma poyamba tione chinthucho, dzina lake libadikira.

Ambiri amayesa kuti matalala ndiwo ana a chisanu. Kukadakhala kotero, bwenzi ali kugwa mu Juni ndi Julayi, pamene tiwotha moto m'mawa. Koma inu nomwe mudziwa kuti amadza m'masiku a thukuta, pamodzi ndi bingu ndi mphezi. Chifukwa chake ndi ichi. Dzuwa likatentha nthaka, mpweya wofunda wa chinyezi umakwera mwamphamvu, numanga mtambo wakuda uja woima njo ngati phiri, umene m'maiko otentha onga lathu ukhoza kufika makilomita 15 kumwamba. Tsono kumwamba nkozizira, monga adziwa ali yense amene anagonapo pa phiri la Mulanje. Pokwera kilomita imodzi kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. Chotero pansi pano pangatenthe chotani, mutu wa mtambo uli m'chisanu chimene munthu sangathe kuchipirira. M'menemo muli timadontho ta madzi tozizira kopitirira muyeso wa kuundana, koma tosaundana kufikira titakhudza kanthu kolimba. Tikakhudza kambeu ka madzi oundana timaumirira pomwepo. Ndipo kambeuko, pogwiridwa m'mwamba ndi mphepo yokwera ija, kamanka nikakula, kufikira kulemera kwake kwapambana mphamvu ya mphepo. Pamenepo kamagwa. Mphepo ikakhala yofooka, timiyala timagwa tidakali tonga nandolo. Ikakhala yamphamvu, mwala umakhalitsa m'mtambo nunenepa.

Tsiku lija ndinatola mwala umodzi wonga dzira la njiwa, ndinaudula pakati ndi mpeni pamaso pa ana, ndipo m'kati mwake munali mizere yozungulira ngati ya anyezi: wina woyera ngati mkaka, wina woonekera ngati galasi. Mzere woyera upangika pamene madzi aundana mofulumira natsekera timpweya m'kati. Woonekera upangika pamene aundana pang'onopang'ono, mpweya nupeza mpata wothawa. Ichi tichisunge, pakuti tidzachifuna kutsogoloko: matalala sayera onse, ndipo ena aoneka ngati magalasi osweka.

Pogwa, mwalawo uyenera kupyola mpweya wofunda wa pansi, ndipo umanka nusungunuka. Kuchigwa, kumene ulendo wake uli wautali ndi wotentha, kawirikawiri umafika utasanduka dontho lalikuru lozizira, anthu nangoti kwagwa mvula ya madontho akuru, osadziwa kuti inayamba iri mwala. Kumapiri ulendowo ngwaufupi. Nchifukwa chake dziko lokwera lozungulira Johannesburg lisautsidwa nao kwambiri, ndipo Kericho ku Kenya, kumene kuli minda yaikuru ya tiyi, atchuka pa dziko lonse chifukwa cha kuchuruka kwa masiku a matalala pa chaka.

Za kukula kwake, athuwa ngochepa. Pa 23 Julayi 2010 ku Vivian, m'chigawo cha South Dakota ku America, anatola mwala wa mainchesi 8 m'mimba mwake, ndiwo masentimita 20. Pa 14 Epulo 1986 ku Gopalganj m'dziko la Bangladesh kunagwa miyala yolemera kilogalamu imodzi, niipha anthu 92. Pa 30 Epulo 1888 matalala anapha anthu 246 pafupi ndi Moradabad ku India. Aswahili sanalakwe pakuwatcha mvua ya mawe, ndiko kuti mvula ya miyala.

Koma kwa mlimi kukula kwa mwala sikuposa nthawi imene wagwera. Chimanga chikali chanthete, cha masamba anai kapena asanu, mtima wake uli pansi pa dothi. Matalala angachimete chotani, chimaphukanso, ndipo munthu asafulumire kuchizula, ayambe wadikira masiku asanu ndi awiri aone. Koma chikamasula, masamba ake onse aturuka kale, ena sadzabweranso. Akang'ambika pamenepo, chisononkho chisowa chochidyetsa. Ndicho chinagwera mai uja. Wolemba Eksodo anadziwa bwino chinthu chimenechi, pakuti m'mutu 9, pofotokoza mliri wachisanu ndi chiwiri wa ku Aigupto, sanaiwale kutiuza kuti barele ndi fulakesi zinaonongeka popeza zinali zitakula kale, koma tirigu anapulumuka popeza amachedwa. Mau otere ngochokera kwa munthu amene anaimapo m'munda woombedwa ndi matalala.

Palinso khalidwe lina la matalala limene labala udani pakati pa anthu. Iwo sagwa ponseponse ngati mvumbi, koma amayenda m'kanjira kopapatiza, pakuti amachokera m'mbali imodzi yokha ya mtambo, ndipo mtambowo uli kuyenda. Chotero munda uwu uphwanyika, wa mnansi tsidya la mtsinje nukhala wosakhudzidwa. Pa 13 Julayi 1788 matalala oopsa anadula dziko la France m'mizere iwiri yoyendera limodzi, pakati pake nipagwa mvula chabe. Midzi mazanamazana inataya tirigu wake, ndipo pamodzi ndi chilala cha chaka chomwecho ndi chisanu chotsatira, ichi chinakweza mtengo wa mkate chaka cha 1789, pamene anthu anaukira mfumu yao. Kwathu kuno, Lachisanu m'mawa, ndinamva ena ali kunong'onezana dzina la munthu amene munda wake unapulumuka, nati, "Nanga mtambo unamdziwa bwanji?"

Funso limeneli si la ife tokha. Cha m'ma 815 Agobard, mbusa wamkuru wa mudzi wa Lyon ku France, analemba kabuku kotsutsa anthu a kwao amene ankakhulupirira kuti alipo anthu otha kuitana matalala ndi bingu. Iye asimba kuti anaona amuna atatu ndi mkazi mmodzi omangidwa maunyolo, khamu lirikufuna kuwaponya miyala, ati chifukwa anagwa m'zombo zoyenda m'mitambo zodzatenga dzinthu zoombedwa ndi matalala. Ndipo anatsutsana nalo khamulo kufikira linachita manyazi. Chimene ndimkondera mkuruyu ndi kafunsidwe kake. Atamva kuti alipo munthu amene anaona ndi maso ake wina ali kugwetsa matalala, anamfunafuna, namfunsitsa. Ndipo munthuyo, atapanikizidwa, anabvomera kuti iye mwini sanalipo, anangomva. Mukayesa njira yomweyo pa bwalo la kwanu, mudzapeza kuti mboni zotere zimasungunuka msanga kuposa matalala.

Tsopano tibwere ku dzina. Pa chinenero cha pamudzi liu ili liribe chikaiko: matalala ndiwo miyala ya madzi oundana yogwa ndi mvula ya bingu. Abale athu a Chibemba ali ndi liu lakuti ukutalala, kunena kuzizira, ndipo ine ndiyesa kuti makolo athu anatcha chinthuchi poona kuzizira kwake m'manja, si kuyera kwake ai. Ndipo pochita fanizo timatenga ukali wake: timati miyala kapena zipolopolo zinagwa ngati matalala. Sindinamvepo mai ali kutama nsaru yochapa bwino kuti yayera ngati matalala, koma m'kachisi mokha.

Tanthauzo lachiwirilo linalowa ndi Buku Lopatulika, limene linatsirizidwa chaka cha 1922, nchito yaikuru ya W. H. Murray wa ku Mvera, pamodzi ndi Alexander Hetherwick wa ku Blantyre ndi ena, ndi aphunzitsi a dziko lino amene anakhala nao pa gome zaka zambiri. Iwo anapeza m'Chihebri mau awiri. Loyamba ndi barad, ndiwo matalala athu enieniwa. Lachiwiri ndi sheleg, chinthu chimene Angerezi achitcha snow, chimene sichigwa m'midzi mwathu. M'Chihelene cha Chipangano Chatsopano alinso awiri, chalaza ndi chion. Alembi a Malembo sanasokoneze mau amenewa, pakuti anadziwa zinthu zonse ziwiri monga ife tidziwa mvula ndi mame.

Taonani m'mene agwiritsira nchito loyambalo. Mu Eksodo 9 ndi mliri. Mu Yoswa 10 ndi miyala yogwera Aamori pothawa pa chitsiko cha Betihoroni, niipha ambiri koposa amene anaphedwa ndi lupanga. Mu Hagai 2 ndi chilango cha pa nchito za manja a anthu. Mu Chibvumbulutso 16 ndi miyala yolemera ngati talente. Yesaya yemweyo, m'mutu 28, apanga barad kukhala tsache losesa pobisalira pa mabodza. Ponseponse chiri chida. Palibe pamene chitonthoza munthu.

Nanga sheleg nchiani? Sichiyamba ngati dontho louma kukhala mwala, koma nthunzi ya m'mtambo imasanduka timaluwa ta madzi oundana ta nsonga zisanu ndi imodzi, topepuka ngati nthenga. Timatsika mwakachetechete m'nyengo yozizira, popanda bingu. Mwana akhoza kuima pabwalo natambasula manja osabvulala. Timaunjikana usiku wonse, ndipo m'mawa munthu poturuka apeza kuti dzala, njira ya matope, denga lakutha ndi munda, zonse zakutidwa ndi nsaru imodzi yoyera yopanda banga. M'maiko ozizira chimakhala masabata ambiri, nichifunditsa tirigu wofesedwa kuti chisanu chisamuphe. Ndipo posungunuka pang'onopang'ono chimalowa pansi ndi kudyetsa akasupe. Mtsinje wa Yordano umayamba pa akasupe a m'tsinde mwa phiri la Hermoni, lotalika mamita 2,814, limene mutu wake umabvala chinthu chimenechi m'nyengo yozizira chaka ndi chaka. Ndipo dzina la Lebano lichokera ku liu la Chihebri lonena kuyera. Ichi ndicho chinali m'maso mwa Yesaya.

Tisaseke makolo athu posowa dzina la chinthu chimene sanachione, pakuti anzeru a ku Ulaya anachita choseketsa koposa. Pa 11 Meyi 1848 Johannes Rebmann, mtumwi wa Chijeremani wokhala ku Rabai pafupi ndi Mombasa, anaona chinthu choyera pamutu pa phiri la Kilimanjaro. Pofunsa womtsogolera, anangomyankha ndi liu la Chiswahili lonena kuzizira. Rebmann anazindikira chimene chinali, nalembera kwao. Koma ena odziwa za maiko ku England, makamaka W. D. Cooley, anakana kwa zaka zambiri, nati chinthu chotere sichingakhale pakati pa Afrika, mtumwiyo waona miyala yoyera. Masiku ano ana athu ogwira nchito ku Joni anachiona ndi maso pa 10 Julayi 2023, pamene chinagwa m'Johannesburg. Ndipo mmodzi wa iwo pondisimbira anati, "Kunagwa matalala, koma osati matalala," nasowa popitirira.

Tsono omasulira anachita chiani ndi sheleg? Apa ndi pamene ndiri nao mlandu, ndipo ndiunena mwaulemu, monga mwana anena ndi atate ake amene anam'mangira nyumba yabwino koma khomo limodzi nkulipotoza. Iwo anachita ziwiri. Pa Yobu 38:22 ndi pa Salmo 148:8 mau onse awiri a Chihebri aima m'ndime imodzi, ndipo sikunatheke kulemba matalala kawiri. Pamenepo barad anamtcha matalala, sheleg namtcha chipale chofewa. Chotero anadziwa bwino lomwe kuti zinthuzo nzosiyana, ndipo dzina anali nalo m'manja. Koma pa Yesaya 1:18, pa Salmo 51:7, ndi pa Mateyu 28:3 ponena za chobvala cha mngelo wa kumanda, analisiya dzinalo, nabwereka matalala.

Chifukwa chake sichibvuta kuchiona, ndipo sichiri chopusa. Fanizo ndi mlatho wochokera pa chodziwika kunka pa chosadziwika. Ndipo munthu sangaoloke pa mlatho umene mbali zonse ziwiri ziri tsidya lija. Matalala ndiwo madzi oundana okhawo amene munthu wa pamudzi anawaona ali kutsika kumwamba, nawagwira m'manja. Omasulira anafuna kuti mai wosadziwa kuwerenga, pomva ndimeyo, aone kanthu koyera m'maso mwake. Pa Salmo 51 ndi pa Mateyu 28 ndiwakhululukira ndithu, pakuti pamenepo chofunika ndi kuwala kwa maonekedwe, ndipo bwalo la sukulu yathu linayeradi Lachinai lija. Pa Yesaya 1:18 ndikhululuka ndi mtima umodzi wokha. Pakuti mneneri aika sheleg pambali pa ubweya wa nkhosa, zinthu ziwiri zofewa, zofunditsa, ndipo ife taika mwala pambali pa ubweya. Kuyera kwake kwatsala, koma kufatsa kwake, kukuta kwake ndi kukhalitsa kwake zatayika. Ndicho chimene mai wamasiye anamva ndi makutu a mlimi.

Koma pa Yesaya 55:10 sindipeza powiringula. Pamenepo mneneri afanizira mau a Mulungu ndi zinthu ziwiri zotsika kumwamba zimene sizibwerera chabe, koma zinyowetsa nthaka ndi kuibalitsa, kuti wofesa apeze mbeu ndi wakudya apeze chakudya. Zinthuzo m'Chihebri ndi mvula ndi sheleg. M'Buku lathu ndi mvula ndi matalala. Apa sanena za kuyera konse ai, anena za nchito ya chinthucho m'munda. Ndipo ndani mwa inu anaona matalala ali kubalitsa munda? Munthu wowerenga Yesaya kuyambira pachiyambi apeza matalala ali kusesa ndi kuphwanya m'mutu 28 ndi m'mutu 30. Pofika mutu 55 apeza matalala omwewo ali kupatsa mlimi mbeu. Mneneri ananena zinthu ziwiri, ife timva chimodzi chodzitsutsa chokha. Ndinamvapo mlaliki wachangu ali kulimbana nayo ndimeyi, naphunzitsa kuti mau a Mulungu amayamba aphwanya munthu monga matalala, pambuyo pake nkumbalitsa. Ulaliki unali wogwira mtima, anthu nabvomereza. Koma unamangidwa pa liu limene Yesaya sanalembe.

Ena adzati, Nanga iwe ukadalemba chiani? Ndayesa angapo. Ufa woyera undikopa kwambiri, makamaka pa Salmo 51, pamene wopemphayo afuna kutsukidwa. Pakuti ufa wathu suyera wokha, koma chimanga chimayamba chakonoledwa, mphale nibviikidwa m'madzi, nitsukidwa, niyanikidwa pa mphasa, ndipo mai ali yense adziwa mtengo wa kuyera kumeneko. Koma ufa uchokera mu mtondo, suchokera kumwamba. Ndipo chimanga chinadza kuno kuchokera ku America zaka mazana angapo zapitazo, Davide sanachidziwe. Thonje ndi loyera, lofewa, lopepuka, ndipo munda wa thonje lophulika ufanana ndithu ndi chimene ana a ku Joni anaona. Koma pa Yesaya 55 thonje silinyowetsa nthaka. Womasulira akayamba kusintha chinthu cha m'dziko la Yuda ndi chinthu cha m'dziko lathu pa ndime iri yonse, pomariza tidzakhala ndi Buku lokoma kumva, koma losatiuza za dziko limene zinthuzo zinachitikira.

Chifukwa chake ine ndikadasunga chipale chofewa ponseponse, ngakhale ndibvomera kuti mau amenewa sindinawamve pa mtondo kapena pa bwalo. Kodi sitinaphunzire ngamila, hisope ndi talente, zinthu zimene agogo athu sanazione? Liu lachilendo limaimitsa munthu, nafunsa, ndipo mphunzitsi apeza mpata wofotokoza. Liu lodziwika loikidwa pa chinthu china siliimitsa munthu. Amapitirira ali wokhutira, nanka kwao ndi chithunzi cholakwa. Ine ndakhala ndiri kuwerenga Yesaya 55 zaka zoposa makumi awiri osaona kanthu, kufikira munda wa mai uja unanditsegula maso.

Komabe ndisanamize owerenga kuti liuli lingazulidwe tsopano. Mibadwo inai yapemphera nalo. Lalowa m'mapemphero a okalamba ndi m'mau otonthoza odwala. Ndipo liu limene anthu alira nalo misozi lapeza nzika zake, mphunzitsi afune asafune. Lero tiri ndi matalala awiri, a kumunda ndi a m'kachisi, ndipo chotsalira ife ndi kudziwa kuti ndi awiri.

Pano ndipatuke pang'ono, kuti tisayese kuti chinenero chathu chokha ndicho chiri ndi msampha wotere. Angerezi matalala amawatcha hail. Koma liu lomwelo, lolembedwa chimodzimodzi, liri malonje aulemu opatsa mfumu, ndiponso kuitana munthu ali patali. Tsiku lina ndinapatsa ana a kalasi lapamwamba Luka 1:28 m'Chingerezi chakale kuti atembenuze, pamene mngelo Gabrieli alonjera Mariya, ndipo mnyamata wina wakhama, atafufuza m'buku la matanthauzo a mau natenga tanthauzo loyamba, analemba kuti mngelo analowa nati kwa namwaliyo, "Matalala!" Anzake anaseka mpaka misozi, koma ine sindinamlange, pakuti anachita chimene akuru ake anachita, kungoti iye anagwidwa msanga. Kunena zoona amenewo ndi mau awiri amene anangokomana panjira. La matalala ndi la Chingerezi chakale, mbale wake wa Hagel wa Chijeremani ndi hael wa Chiafrikaans. La malonje linadza ndi anthu a kumpoto, a ku Norway ndi Denmark, amene anati heill pofunira mnzao moyo wangwiro. Ndipo ndi mbale wake wa mau a Chingerezi onena kuchira ndi thanzi. Buku lathu pamenepo linachita bwino, linatenga malonje a kwathu, Tikuoneni. Kusiyana kwake ndi uku: kwa Angerezi mau awiriwo anafanana mwangozi, ndipo palibe wamkuru amene asokonezeka nao, pakuti matanthauzo ake atalikirana ngati kum'mawa ndi kumadzulo, koma athuwa ayandikana, onse ngozizira, onse ngoyera, onse atsika kumwamba, ndipo chifukwa cha kuyandikanako munthu sazindikira kuti wasokera.

Patapita masabata atatu ndinanka kwa mai uja. Ndinawapeza ali kuoka mbatata m'mizere ya chimanga chakufacho, pakuti mvula inali isanathe. Ndinakhala pa chulu, ndinawafotokozera zonse monga ndalembera pano, za barad ndi sheleg, za Hermoni ndi Yordano, ndi za nsaru yoyera yokuta dzala ndi denga usiku umodzi. Anamvetsera osaleka nchito. Potsiriza anaimika khasu, nati, "Ndiye kuti chinthu chanucho chikadagwa m'munda muno, chimanga changa chikadakhala?" Ndinayenera kunena zoona, ndinati, "Iai, amai. Chimanga sichipirira chisanu chotero. Koma chimagwa m'nyengo imene m'munda muli tirigu wogona, ndipo iyeyo chimamsunga." Iwo anaganiza pang'ono, nati, "Chabwino. Tsono mukamawerenga pa Sabata, muziima pang'ono ndi kutiuza kuti ndi matalala ati."

Ndakhala ndiri kuchita chomwecho pamene pali ponse liuli lipezeka m'phunziro la tsikulo, ndipo mkuru wina wa mpingo wandidandaulira kale kawiri kuti nditalikitsa kuwerenga.